Al-Kindi, mphunzitsi wa ku Baghdad amene adavundukula zilembo zachinsinsi

Tikamatumiza ndalama pa foni kapena kulemberana pa intaneti, timakhulupirira kuti munthu wapadera sangawerenge zimene tatumiza. Ofufuza za chitetezo cha makompyuta m'mayunivesite amadziwa kuti luso lawo lili ndi mizu yakale, ndipo umodzi mwa mizuyo umatifikitsa kwa Abu Yusuf Yaqub ibn Ishaq al-Kindi.

Al-Kindi adabadwira ku Kufa, m'dziko la Iraq, cha m'ma 801. Adali wa fuko la Kinda, ndipo bambo ake adali bwanamkubwa wa mzindawo. Atakula adakhazikika ku Baghdad, kumene adatumikira Khalifa al-Ma'mun ndi Khalifa al-Mu'tasim, naphunzitsanso Ahmad, mwana wa al-Mu'tasim. Ankayang'anira gulu la omasulira mabuku a Chigiriki m'Chiarabu, ndipo iye mwini adalemba mabuku oposa 200 a masamu, mankhwala, nyenyezi, nyimbo ndi nzeru zakuya. N'chifukwa chake adatchuka ndi dzina lakuti filosofa wa Aarabu.

Masiku amenewo, wofuna kubisa uthenga ankachotsa chilembo chilichonse n'kuikapo china kapena chizindikiro chimene adagwirizana ndi wolandira kalatayo. Njira zosinthanitsira zilembo n'zosawerengeka, moti woyesa imodziimodzi akadakalamba asadapeze yolondola. Al-Kindi adaona chimene chimatsalira ngakhale zilembo zitavala nkhope zina: m'chilankhulo chilichonse zilembo zina zimachuluka kuposa zinzake. M'Chiarabu, alif ndi lam ndiwo amatsogola, monga momwe a amachulukira m'Chichewa chathu.

M'buku lake lotchedwa Risala fi Istikhraj al-Mu'amma adafotokoza kuti munthu atenge nkhani yaitali yosabisika, awerenge kuti chilembo chilichonse chapezeka kangati, kenaka achite chimodzimodzi ndi zizindikiro za m'kalata yachinsinsi. Chizindikiro chochuluka kwambiri chimakhala kuti chikuimira chilembo chochuluka kwambiri. Adaonjeza kuti wofufuza aziganizira zilembo zimene zimatsatana kawirikawiri ndi zimene sizitsatana, ndipo adachenjeza kuti njirayi imavuta kalata ikakhala yaifupi. Pa mabuku onse amene adatifika, limeneli ndi lakale kwambiri lofotokoza luso lotere.

Moyo wake sudali wosalala. Mu ulamuliro wa Khalifa al-Mutawakkil, kuyambira 847 mpaka 861, adataya malo ake aulemu kunyumba yachifumu, ndipo mabuku ake adalandidwa kwa kanthawi chifukwa cha mkangano ndi akatswiri anzake, ana a Musa. Adamwalirira ku Baghdad cha m'ma 873. Buku lake la zachinsinsi lidakhala zaka mazana ambiri osadziwika, kufikira pamene lidapezeka m'nkhokwe ya mabuku ya Süleymaniye ku Istanbul, ndipo lidasindikizidwa ku Damascus mu 1987.

Njira yomweyo yowerengera zilembo ndi imene idaulula makalata a Mary, mfumukazi ya ku Scotland, amene adadulidwa mutu mu 1587 atadalira zilembo zimene ankayesa kuti palibe angazimasule. Mu 1949, Claude Shannon wa ku America adafotokoza mwa masamu kuti njira yabwino yobisira uthenga iyenera kufafaniza zizolowezi za chilankhulo, zomwe zija al-Kindi adazigwiritsa ntchito. Ndipo AES, njira imene ikuteteza mabanki ndi mafoni ambiri lero, idakhazikitsidwa mu 2001 pambuyo pa mpikisano wapoyera, m'mene akatswiri a m'maiko osiyanasiyana adapemphedwa kuyesa kuithyola.

Apa m'pamene pagona phunziro la moyo wa al-Kindi. Loko amene sadayesedwepo ndi wodziwa kuthyola sitingamudalire kuti atisungire chuma. Wofufuza amene amafunafuna pofooka n'kupaulula mwachilungamo amateteza chimene anthu adasungitsa. Ana athu amene akuphunzira masamu ndi makompyuta adziwe kuti akulowa m'munda umene Msilamu wa ku Kufa adaulima zaka zoposa 1,100 zapitazo.