Hermann von Helmholtz

Hermann von Helmholtz (31 Ogasiti 1821 – 8 Seputembala 1894) anali dokotala komanso katswiri wa sayansi wa ku Germany. Amadziwika kwambiri ndi kafukufuku wa mmene maso ndi ubongo zimathandizirana kuti munthu aone.

Moyo wake

Anabadwira ku Potsdam, komwe bambo ake anali mphunzitsi. Mtima wake unali pa fizikisi, koma kwawo ndalama zinali zochepa. Choncho anaphunzira udokotala ku Berlin boma likumulipirira, ndipo pobwezera anakagwira ntchito ya udokotala wa asilikali. Mu 1849 anayamba kuphunzitsa ku Königsberg, kenako anapita ku Bonn, ku Heidelberg, ndipo mu 1871 ku Berlin.

Kafukufuku wake

Ali ku Königsberg anayeza liwiro la uthenga m'mitsempha ya chule, napeza kuti ndi mamita pafupifupi 30 pa sekondi. Mphunzitsi wake yemwe, Johannes Müller, ankaganiza kuti liwiroli silingayezedwe. Mu 1851 analengeza za chida choonera mkati mwa diso, chomwe madokotala akugwiritsabe ntchito.

Kuyesa kwake kwa chidwi kunali kosavuta koma kwanzeru. Anaika pepala la zilembo zambiri mumdima, maso ake atalunjika pa kadontho kowala. Asanayatse kuwala kwa magetsi kwa kanthawi kochepa zedi, ankasankhiratu mumtima mbali imodzi ya pepalalo. Zilembo za mbali imeneyo ankaziwerenga, zina zonse ayi, chonsecho maso sanasunthe. Izi zinasonyeza kuti komwe kwayang'ana maso ndi komwe kuli chidwi zimatha kusiyana.

M'buku lake lalikulu la za maso, lomwe linamalizidwa mu 1867, anafotokoza kuti zimene diso limalandira n'zosakwanira. Ubongo umadzaza mipatayo ndi zomwe unazolowera kale, mwini wake osadziwa. N'chifukwa chake chithunzi chonyenga maso chimanyengabe ngakhale munthu atauzidwa chinsinsi chake. Anafufuzanso mmene zithunzi ziwiri zosiyana pang'ono, china ku diso lamanja china ku lamanzere, zimaonetsera kutalikirana kwa zinthu. Magalasi a virtual reality, omwe ofufuza za chidwi amagwiritsa ntchito masiku ano, amadalira njira yomweyi.

Imfa yake

Mu 1893 anagwa n'kuvulala m'sitima ya pamadzi akuchokera ku America. Anamwalira chaka chotsatira ku Charlottenburg ali ndi zaka 73.