Clements Kadalie, Mtonga wa ku Chifira

Yense wokhala ku Mchengautuwa adziwa kuti zina mwa nyumba za malata zimene tiziona kuno ku Mzuzu ndi m'midzi ya ku Mzimba zinamangidwa ndi ndalama za ku Joni. Anyamata amene apita kumeneko ali nayo voti, ndipo malamulo aakulu a dziko a 1994 awalonjeza ufulu wa kulankhula, wa kusonkhana ndi wa kugwira ntchito. Komabe umphawi uwanyamutsa usiku kukagona m'tizisakasa ta eni ake. Tsono lero, awerengi okondedwa, tikumbukire mchona wina wa chigawo chathu chino amene anayenda njira yomweyo kalekale, nayesa kuona ngati ufulu wolembedwa pa pepala ungathe kudyetsa munthu.

Clements Kadalie anabadwa mu 1896 ku Chifira, pafupi ndi Bandawe, m'boma la Nkhata Bay, m'banja la ufumu wa Chiweyu. Anaphunzira ku Livingstonia, natsiriza maphunziro a uphunzitsi asanakwane zaka 18. Anaphunzitsa kanthawi kochepa chabe, ndipo mu 1915 anachoka kwawo monga ankachitira Atonga ambiri. Anagwira ukalaliki m'dziko la Apwitikizi ndi m'migodi ya ku Southern Rhodesia, kufikira mu 1918 pamene anafika ku Cape Town.

Tiyenera kumvetsa bwino za mzinda umenewu, pakuti nkhani yonse yagona pamenepo. M'chigawo cha Cape munthu wakuda anali nayo voti, chinthu chimene abale ake a ku Transvaal ndi Orange Free State analibe. Koma lamulo la 1892 linati woponya voti akhale wodziwa kulemba, ndiponso akhale m'nyumba ya mtengo wa mapaundi 75 kapena alandire mapaundi 50 pa chaka. Lamulolo silinatchule khungu konse, linangotchula ndalama. Ndipo popeza amene ankaika malipiro a munthu wakuda anali omwewo amene sankafuna kuti avote, khomo linali lotsegula m'buku la malamulo koma lotseka m'thumba. Pamwamba pa izi, lamulo la malo la 1913 linapatula gawo lochepa kwambiri la dziko, losafika ngakhale limodzi mwa magawo khumi, kuti ndimo anthu akuda agule malo.

Tsiku lina wapolisi wachizungu anamkankha Kadalie kumchotsa m'mbali mwa msewu. Mzungu wina, A. F. Batty, amene ankafuna mpando wa m'Nyumba ya Malamulo, anaona zimenezi namlankhula, ndipo chibwenzi chawo chinabala bungwe la anthu a ntchito lotchedwa ICU, limene linayamba mu January 1919 ndi anthu 24, ambiri a iwo onyamula katundu pa doko. Mu December chaka chomwecho anthu a pa doko pafupifupi 2,000 ananyanyala ntchito masabata awiri. Ankafuna malipiro okwanira, komanso ankakana kukweza chakudya m'sitima zopita kunja pamene mitengo ya chakudya inali kukwera m'dzikomo. Azungu a ntchito ya njanji, amene analonjeza kuwathandiza, anabwerera m'mbuyo, ndipo sitalakayo inatha. Komabe mu 1920 makampani okweza ndi kutsitsa katundu m'sitima anavomera kulipira mashilingi 8 pa tsiku. Boma linalamula kuti mlendo wa ku Nyasaland ameneyu apirikitsidwe, koma lamulolo linafafanizidwa, ndipo iye anakhalabe. Chaka chomwecho ku Port Elizabeth anthu oposa 20 anaomberedwa nafa atasonkhana kupempha kuti mtsogoleri wawo Samuel Masabalala atulutsidwe m'ndende.

Pa chisankho cha 1924 Kadalie analakwa kulakwa kwakukulu, ndipo sitibisa. Atatopa ndi boma la Smuts, analimbikitsa anthu akuda a voti kuti akondere General Hertzog ndi anzake. Hertzog anapambana. Pomwepo boma lake linayamba kuchotsa anthu akuda pa ntchito za njanji ndi kuikapo Azungu osauka, ndipo mu 1926 linakhazikitsa lamulo losungira Azungu ntchito za luso m'migodi. Voti ija, imene anthu anaiyesa mkondo wawo, inawalasa okha. Ndiponso lamulo la 1924 lokhudza mabungwe a ntchito silinawerenge munthu wonyamula chitupa ngati wantchito woyenera kukambirana ndi bwana wake. Bungwe la ICU silinaletsedwe ayi. Linaloledwa kukhalapo, kusonkhana ndi kusindikiza nyuzipepala yake, Workers' Herald. Koma panalibe bwana amene lamulo linamkakamiza kulimvera. Kwathu kuno nako kunali kovuta: mu 1926 Isa Macdonald Lawrence anamangidwa zaka zitatu chifukwa cholowetsa m'Nyasaland nyuzipepala imeneyi pamodzi ndi ina ya ku America.

Ngakhale zinali tero, bungwe linakula modabwitsa. Likulu linasamukira ku Johannesburg, ndipo pofika 1927 mamembala ankawerengedwa pafupifupi 100,000. Ambiri tsopano sanali a m'mizinda, koma alimi osauka okhala m'mafamu a Azungu ku Natal, Orange Free State ndi Transvaal, amene anagula khadi lofiira la bungwe pokhulupirira kuti lidzawabwezera minda ya makolo awo. Apa ndipo pali chinthu chomvetsa chisoni koposa m'mbiri yonseyi. Kadalie anali wodziwa kulankhula, ndipo m'mabwalo a milandu ankapambana. Mu 1926 anamletsa kulowa ku Natal. Iye analowa dala, anamuimba mlandu, napambana pa apilo. Mu 1928 anamuimbanso mlandu wodanitsa mitundu, ndipo anampeza wosalakwa. Koma mlimi wa pa famu, amene panalibe lamulo lomletsa kukhala ndi khadi, bwana wake akaliona khadilo ankangomuuza kuti asamuke pamodzi ndi mkazi, ana ndi ng'ombe zake. Asamukire kuti, popeza lamulo la 1913 linamtsekera malo? Woweruza sakanamthandiza, pakuti mwini famu sanaswe lamulo lililonse. Mtsogoleri ankatuluka m'khoti ali mfulu, pamene omtsata ankagona m'mbali mwa msewu.

Mu 1927 anapita ku Geneva ku msonkhano wa maiko wokambirana za anthu a ntchito. Sanamlandire ngati nthumwi, chifukwa boma la South Africa silinamtume, koma ku Britain anthu ambiri anadza kudzamumva. Pobwera anapeza nyumba itang'aluka. Anali atachotsa kale Achikomyunizimu m'bungwe mu December 1926. Tsopano kunabuka milandu ya ndalama, pakuti zopereka za anthu osauka zinkathera kwa maloya, m'magalimoto ndi m'manja mwa alembi ena osakhulupirika. A. W. G. Champion, mtsogoleri wa ku Natal, anapatuka ndi anthu ake mu 1928. William Ballinger, amene anachokera ku Scotland kudzakonza mabuku a bungwe, sanamvane naye Kadalie. M'mayesedwe anga, Kadalie ali ndi gawo lake pa kugwa kumeneku: anali wokonda ulemu, wosapirira kudzudzulidwa, ndipo analonjeza anthu zimene analibe njira yozipezera.

Owerenga athu ayenera kudziwanso kuti a Mpingo wathu ku Natal sanagwirizane nalo bungweli. Ansembe a ku Mariannhill, makamaka Bambo Bernard Huss, anayambitsa Catholic African Union kumapeto kwa zaka za m'ma 1920, kuphunzitsa anthu ulimi, kusunga ndalama ndi kugula malo pamodzi. Iwo anaona bwino kuti munthu wopanda chuma chakechake sangaimirire pamaso pa bwana. Koma ndiganiza kuti Kadalie anaona chimene iwo anachichepetsa, ndicho chakuti wolandira malipiro osakwana chakudya alibe choti asunge.

Mu 1929 anatula pansi udindo wake nayambitsa Independent ICU. Anakhazikika ku East London, kumene mu January 1930 anatsogolera sitalaka ina yaikulu ya anthu a njanji ndi pa doko, ndipo pambuyo pake anakhala m'ndende miyezi iwiri. Kuyambira pamenepo dzina lake linayamba kuzilala. Anakhalabe ndi moyo kufikira kuona Hertzog yemwe uja, mu 1936, akuchotsa anthu akuda a ku Cape m'kaundula wa onse wa voti, ndiponso kuona chipani cha tsankho chikulowa m'boma mu 1948. Anamwalira ku East London mu November 1951, ali ndi zaka 55. Buku la moyo wake, limene analemba yekha, linasindikizidwa ku London mu 1970, patapita zaka 19 iye ali m'manda.