Ferdinand Porsche, Mmisiri wa Galimoto Ziŵiri

Pa mndandanda wathu wa amisiri otchuka, lero tafika pa Ferdinand Porsche, amene adabadwa pa 3 September 1875 ku Maffersdorf, m'dziko la Bohemia. Bambo wake adali mmisiri wa malata, koma mnyamatayu mtima wake udali pa zamagetsi, kotero kuti m'chaka cha 1900 galimoto yake yoyendera magetsi idaonetsedwa ku Paris.

Atagwirira ntchito makampani angapo, adatsegula yakeyake ku Stuttgart, m'dziko la Germany, m'chaka cha 1931. Patapita zaka zitatu, boma la Adolf Hitler lidamlamula kuti akonze Volkswagen, ndiye kuti galimoto ya anthu wamba. Idayenera kunyamula akulu aŵiri ndi ana atatu, kuthamanga makilomita 100 pa ola, ndiponso mtengo wake usafike mamaki 1,000. Porsche adaika injini kumbuyo, yozizira ndi mphepo m'malo mwa madzi. Iyi ndiyo idadzatchedwa Beetle.

Anthu oposa 300,000 adayamba kusonkha mamaki 5 pa sabata, koma palibe amene adailandira. Nkhondo itabuka mu 1939, fakitale idayamba kupanga zida zankhondo, ndipo antchito ake ambiri adali akaidi ndi anthu ogwidwa mokakamiza. Banga limeneli silifufutika pa dzina la Porsche. Afalansa adammanga mu December 1945, nadzammasula mu 1947.

Chaka chotsatira, mwana wake Ferry adatenga injini ndi zitsulo zina za Beetle, napanga galimoto yaliŵiro yotchedwa Porsche 356 ku Gmünd, m'dziko la Austria. Beetle idali ndi mphamvu ya akavalo 25. Iyi idali ndi 35. Idali yopepuka, yofupika msinkhu, ya mipando iŵiri, yofika makilomita pafupifupi 135 pa ola, koma mtengo wake udali wa anthu olemera okha.

Porsche adamwalira ku Stuttgart pa 30 January 1951, asadaone mathero a mpikisanowu. Pofika 1965, pamene adaleka kupanga 356, zidalipo pafupifupi 76,000. Beetle idapangidwabe mpaka 2003, ku Mexico, ndipo zonse pamodzi zidapitirira 21 miliyoni. Yaliŵiro idakweza dzina la banja la Porsche, koma imene idanyamula ana kupita kusukulu ndi odwala kupita kuchipatala idali yoyenda pang'onopang'ono ija.