Alfred Wegener, munthu amene anazindikira kuti nthaka imayenda

Mukaponda pansi, nthaka imaoneka yokhazikika. Koma kodi mukudziwa kuti ikuyenda pang'onopang'ono? Munthu amene analimbikira kunena zimenezi ndi Alfred Wegener.

Wegener anabadwa mu 1880 ku Berlin, m'dziko la Germany. Nchito yake inali yofufuza za nyengo. Poyang'ana mapu, anaona kuti gombe la Afrika ndi gombe la America wa kum'mwera zingathe kulumikizana ndendende, ngati mapale a mphika umodzi wosweka.

Koma mapu okha sanamukwanire, anafunanso umboni wa m'miyala. Mafupa a kanyama kakale ka m'madzi, Mesosaurus, anapezeka ku Brazil ndiponso kum'mwera kwa Afrika. Nanga kanyama kakang'ono cotere kakanaoloka bwanji nyanja yaikulu ya Atlantic? Zizindikiro za masamba a mtengo wa Glossopteris nazonso zinapezeka m'miyala ya ku Afrika, India ndi Australia. Nkhalango za mitengo yoteroyo ndi zimene zinasanduka malasha a ku Moatize.

Mu 1912 Wegener anauza akatswiri anzake maganizo ake, ndipo mu 1915 anatulutsa buku. Anafotokoza kuti kalekale mtunda wonse unali umodzi, Pangaea, kenako unagawikana. Ambiri anamutsutsa, ena ankangomuseka, cifukwa sanathe kusonyeza mphamvu imene ingasunthe mtunda waukulu conco. Iye sanafooke ai. Anapitiriza kuonjezera umboni m'buku lake lija.

Mu 1930 anali ku Greenland, dziko lozizira koopsa. Ananyamula katundu kukapereka kwa anzake amene ankayeza nyengo pakati pa cipululu ca madzi oundana. Pobwerera anamwalira panjira, ali ndi zaka 50. Mtembo wake unapezeka mu 1931.

Patapita zaka zoposa 30, akatswiri oyeza pansi pa nyanja zikuluzikulu anatsimikiza kuti mtunda umayendadi. Cikamba ca dziko n'cogawikagawika, ndipo zigawo zake zimakhala pamwamba pa miyala yotentha. Zimasuntha masentimita ocepa pacaka, monga mmene zimakulira zikhadabo zanu. Zikagundana, pamatukuka mapiri ngati a Himalaya. Zikatalikirana, nthaka imatitimira n'kupanga cigwa.

Nyanja ya Niassa ili m'cigwa coteroco, pamene Afrika akung'ambika pang'onopang'ono. N'cifukwa cake nthawi zina kunyanjako kumacitika zivomezi. Wegener anamwalira asanamve anthu akuvomereza kuti ankanena zoona, koma lero ana athu amaphunzira zimenezi kusukulu.