Samora Machel, Mtsogoleri wa Kutsidya

Ife a ku Nkhotakota tikaima m'mbali mwa nyanja timaona mapiri a Mozambique. Ndifuna kukuuzani za mtsogoleri wa dzikolo, Samora Machel. Anabadwira ku Chilembene m'caka ca 1933. Poyamba anali namwino, koma mu 1963 analowa Frelimo namenya nkhondo ya ufulu, ndipo mu 1975 anakhala Pulezidenti woyamba. Usiku wa pa 19 October, 1986, pocokera ku Zambia, ndege yace inataya njira ya ku Maputo, nilowa m'dziko la South Africa, nigunda phiri ku Mbuzini. Iye anafa pamodzi ndi anzace ambiri. Ena amati oyendetsa analakwa, ena amati adani anawasoceretsa ndi cizindikiro conama ca wailesi. Anzanga, mumlengalenga namonso muli njira, ndipo kuitaya ndi imfa.