Sir William Dawson ndi Mwala Umene Unamnyenga

Munthu wocoka ku Nangongwe kunka ku Chirundu, asanafike pa Zambezi, angathe kuona mitengo yamakedzana imene inasanduka miyala. Imeneyo inali mitengo yeniyeni. Koma si mwala uli wonse wooneka ngati mtengo, tsamba kapena pfupa umene unali ndi moyo. Pa cinthu cimeneci munthu wina wanzeru zakuya anaphunthwa.

John William Dawson anabadwa pa 13 October 1820 ku Pictou, m'dziko limene lero licedwa Canada. Anali Mkristu woopa Mulungu, wa mpingo wa Presbyterian, ndipo anaphunzira ku Edinburgh. M'caka ca 1852, iye ndi Charles Lyell anapeza mafupa a kanyama kakale ka miyendo inai m'kati mwa tsinde la mtengo wosanduka mwala ku Joggins. Kuyambira 1855 kufikira 1893 anali mkuru wa sukulu yaikuru ya McGill ku Montreal.

Tsono anthu anamtengera miyala yakale koposa, ya mizere yoyera ndi yobiriwira yosanjikana. Poipenya ndi galasi lokuza zinthu, Dawson anaonamo tizipinda ndi tinjira, nakhulupira kuti wapeza zotsala za camoyo coyamba ca pa dziko lapansi. M'caka ca 1865 analengeza dzina lace, Eozoon canadense, ndiko kunena nyama ya mbanda kuca ya ku Canada. Mbiri inamveka maiko ambiri.

Koma m'caka ca 1866 aphunzitsi awiri a ku Galway, William King ndi Thomas Rowney, anatsutsa, nati mizereyo ndi cibadwa ca mwala cabe. Mlandu unakhala zaka zambiri. Potsiriza, m'caka ca 1894, mizere yomweyo inapezeka m'miyala imene phiri la moto la Vesuvius linalavula ku Italy. Pamenepo kunadziwika kuti kutentha kwakukuru kusanduliza mwala wa njereza motero, popanda camoyo ciri conse.

Dawson sanabvomere. Anamwalira ku Montreal pa 19 November 1899 ali cigwirire maganizo ace. Sukulu imene anaikuza ikali kuphunzitsa, ndi nchito yace ya ku Joggins ilemekezedwabe; koma pa mwala umodzi uwu analakwa. Anali munthu woona mtima, wosanama. Cimene cinamlaka ndico kutaya cinthu cimene anacikonda zaka makumi atatu.