Dokotala Willem Karel Dicke, Munthu Amene Anakayikira Buledi

Anzanga, ambirife tikaona buledi mtima umangoti dyokodyoko. Koma alipo ana ena amene buledi yemweyo amawadwalitsa, ndipo amene anatulukira chimenechi ndiye Dokotala Willem Karel Dicke wa ku Holland.

A Dicke anabadwira mumzinda wa Dordrecht m'chaka cha 1905. Anaphunzira udokotala ku Leiden, ndipo mu 1936, ali ndi zaka 31 zokha, anaikidwa kukhala mkulu wa chipatala cha ana cha Juliana ku The Hague. M'chipatalamo munali ana odwala nthenda yotchedwa coeliac. Mwana wa nthendayi amatsegula m'mimba kosalekeza, mimba imatupa, miyendo imaonda, ndipo sakula ngakhale adye chotani. Masiku amenewo madokotala ambiri ankatsata njira ya Sidney Haas wa ku America, yodyetsa anawo nthochi zambirimbiri. Ena ankachiradi, koma mankhwala sanali nthochizo ayi. Anawo ankachira chifukwa choleka buledi, kungoti anthu sanadziwe.

A Dicke anayamba kukayikira tirigu nkhondo yaikulu yachiwiri isanabuke, ndipo mu 1941 analemba za chakudya chopanda tirigu. Tsono m'nyengo yachisanu ya 1944 mpaka 1945, Ajeremani atatseka njira za chakudya, kumadzulo kwa Holland kunagwa njala yoopsa. Anthu anafika podya mizu ya maluwa a tulip, ndipo pafupifupi 20,000 anafa. Chodabwitsa nchakuti pamene buledi anasowa, ana a coeliac aja anayamba kupezako bwino. Buledi atabweranso, nthenda nayo inabwerera.

Nkhondo itatha anapitiriza kafukufuku wawo. Pamodzi ndi anzawo a van de Kamer ndi a Weijers, anagwira ntchito imene ine sindikanailakalaka: kuyeza mafuta a m'chimbudzi cha ana odwalawo. Mwana akadya ufa wa tirigu mafutawo ankachuluka, kusonyeza kuti matumbo akulephera kuyamwa chakudya, akauleka ankachepa. Mu 1950 a Dicke analemba buku la zimene anapezazo, ndipo pambuyo pake anaonetsa kuti chovuta ndi gluten, kanthu kaja kamene kamachititsa ufa wokanda kuti uzinanda. Gluten imapezekanso mu rye ndi barele, koma m'chimanga, mpunga, mapira ndi chinangwa mulibe. Nsima yathu ilibe mlandu.

Anamwalira mu 1962, ali ndi zaka 57.

Funso limene anawasiyira anzawo nali: kodi khanda liyambe liti kulawa tirigu? Ku Sweden, cha m'ma 1985, ana aang'ono odwala coeliac anachuluka mwadzidzidzi, malangizo a kadyetsedwe atasintha ndiponso ufa wa tirigu utaonjezedwa m'phala la makanda. Choncho ambiri anaganiza kuti chinsinsi chagona pa mwezi woyambira. Koma mu 2014 kafukufuku awiri aakulu a ku Ulaya anaonetsa kuti kufulumira kapena kuchedwa sikuteteza mwana. Chachikulu ndi chibadwa chimene mwana atengera kwa makolo ake, ngakhale kuti ambiri okhala nacho sadwala konse. Mu 2016 madokotala a ana a ku Ulaya analangiza kuti khanda lingayambe gluten nthawi iliyonse pakati pa miyezi 4 ndi 12, koma asalipatse yambiri pachiyambi.